Mwezi Umene Achimwene Anasinthanitsidwa ndi Nambala Faifi

Inali mbale yachitsulo yoyera, ya mlomo wabuluu, yokhobooka pambali pomwe achimwene anga anaigwetsera pamwala ali mwana. M'nyumba mwathu munalibe wina woidyera mbale imeneyo. Ngakhale ine ndikaitsuka ndinkaiyanika payokha pathandala, kuopa kulandira mawu. Ndiye mukhoza kudziwa mmene mtima wanga unawawira tsiku limene amayi anaitenga, naikamo mlamba wootcha, n'kundiuza kuti ndikapereke kwa bambo wachilendo wa imvi m'ndevu, amene anali atakhala pansi pa mtengo wa masawu pakhomo pathu, atatambasula mwendo umodzi ngati wobwereka.

Ndinali mtsikana wa zaka khumi. Kwathu ndi kwa Malemia, kufupi ndi Shire. Bambo athu anali atamwalira, ndipo wogwira khasu lalikulu kudimba, wopalasa bwato ndi wofolera nyumba anali achimwenewo. Koma mudzi sunkawadziwira zimenezo. Unkawadziwira miyendo. Ankasewera kutsogolo, mbali ya kumanja, mu timu imene amalume anayambitsa, ndipo akautenga mpira, wowathamangitsa ankangomeza fumbi. Ine ndinkayenda nawo kulikonse, mpaka anthu ankandinena kuti ndine mchira wawo. Sindinkakwiya nazo. Ndinkanyadira.

Timu yathu inali ndi matenda amodzi. Kutsogolo inkachinya, kumbuyo inkalandira alendo. Tikachinya zitatu, anzathu ankachinya zisanu, ndipo tinkabwerera kunyumba tikuimba nyimbo zotamanda zigoli zathu ngati kuti enawo sanawerenge zawo. Amalume ankati nyumba yathu ili ndi denga labwino koma ilibe chitseko.

Chaka chimenecho, thonje litangogulitsidwa, kunabwera timu ya ku esiteti ya nzimbe kudzasewera nafe. Anatichinya monga mwa masiku onse, koma akuluakulu awo anachoka akulankhula za achimwene. Patapita sabata anatumiza mawu kwa amalume. Ankafuna mnyamatayo, ndipo m'malo mwake atipatsa wotchinga kumbuyo wawo, amene anasewera zaka zambiri, woti dera lonse linkangomutchula ndi nambala ya jezi yake, Nambala Faifi. Masiku amenewo ku esiteti wosewera mpira ankapatsidwanso ntchito ndi chipinda. Pangano linali lakuti tiyesane mwezi umodzi. Mwezi ukatha matimu awiriwa adzakumana pabwalo lathu, ndipo mbali iliyonse ikakana, aliyense abwerera kwawo.

Nkhaniyi inakambidwa masana onse pansi pa mlambe wa pabwalo la mpira. Ife akazi sitinaitanidwe, koma amuna akwathu salankhula motsitsa, ndiye tinamva zonse tili pamjigo. Amalume ankafuna kusinthanako ndi mtima wonse. Ankati othamanga amabadwa chaka chilichonse, koma wodziwa poima amatenga zaka kuti apezeke. Aphunzitsi, amene ankaimbira masewero athu ndi kulemba makalata a timu, ankakana. Mawu awo ndikuwakumbukirabe: "Munthu akamakupatsani bwato lake nthawi ya nsomba, muyambe mwalitembenuza muone pansi pake." Wina anati mawondo a mkuluyo anatha kalekale. Wina anati ndi wa ku Mozambiki, sitikudziwa chimene anathawa kwawo, ngakhale wonenayo agogo ake anachokera komweko. Amalume anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Aphunzitsi anayankha kuti kalumo kakuthwa n'komwe kamacheka mwini ndevu. Pomaliza anapambana amalume, chifukwa mpira unali wawo, ndipo mnyamata wosinthanitsidwayo anali mwana wa mlongo wawo.

Amayi atamva anangoti kwa amalume, "Achimwene, mwana wanga mwamusinthanitsa ngati mbuzi?" Amalume anati, "Mlongo, mwana akupita kuntchito, sakupita kumanda." Anaonjezera kuti timu ilibe nyumba, choncho khomo limene latulutsa mwana ndi limene lilandire mlendo. Mlendoyo adzagona pamphasa ya achimwene, m'gowelo mwawo, ndipo adzadyera mbale yawo. Palibe amene anafunsa achimwene pamaso pathu, ndipo ine sindinaganizeko zowafunsa.

Chimene ndinagwira pa nkhani yonseyi chinali chimodzi: mbali iliyonse ikakana, aliyense abwerera kwawo. Ndiye ndinali ndi mwezi umodzi woti ndipeze chilema pa mkuluyu, choti amalume achione n'kumukana. Kuyambira tsiku loyamba ndinamuika m'maso. Popereka madzi ndinkagwada bwinobwino, koma maso anali pantchito.

Chilema choyamba sichinavute kupeza. M'mawa uliwonse ankapaka bondo lake lamanzere mafuta a nsatsi, n'kulikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Gowelo lonse linkanunkha nsatsi ndi mphira wotentha. Akamadzuka, bondolo linkalira kuti thee. Ndinathamangira kwa amalume ndi nkhani imeneyi. Iwo anaseka mpaka kutsokomola, nati mpira wa kumbuyo saseweretsa bondo, amaseweretsa mutu. Chachiwiri chinali chakuti akamawerenga ankawerenga m'Chipwitikizi, koma zimenezo theka la mudzi linkachita. Ndinafufuza ngati amamwa mowa wa uchema, sankamwa. Ndinafufuza ngati ali ndi chithumwa, sindinachipeze. Choipa kwambiri chinali chakuti ndikamupatsa chakudya ankalandira ndi manja awiri n'kunena m'Chisena, "Takhuta, mwananga." Munthu amene ukufuna kumuda amavuta akamakuthokoza tsiku lililonse.

Pabwalo zinthu zinkandiipira. Mkuluyu sankathamanga konse. Ankangoima penapake, ndipo mpira unkabwera kudzamupeza. Anyamata atatu otchinga naye anawaphunzitsa kuima mzere umodzi. Adani akamakonzeka kuponya mpira kutsogolo, iye ankakuwa mawu amodzi, "Bulukani!" kutanthauza kuti tulukani, ndipo onse anayi ankathamangira kutsogolo pamodzi. Osewera a adani ankatsala okha kumbuyo, wezulo ya aphunzitsi n'kulira kuti ofusayidi. Loweruka loyamba tinagonjetsa asodzi a kudambo ndi chigoli chimodzi, iwo osaona golo. Loweruka lachiwiri tinapita ku Marka n'kubwerako osachinyidwa, chinthu chimene ngakhale nkhalamba sizinkakumbukira kuti chinachitikapo. Anthu anaimba njira yonse. Ine ndinayenda kumbuyo, ndikuwerenga masiku otsala.

Kenako ndinaona mafunso ake. Akamaliza kuyeserera ankakhala ndi anyamata pansi pa mlambe n'kumawafunsa za anzawo. Uyu mwendo wake wamphamvu ndi uti? Uyu amamwa? Awiri awa bwanji sapatsirana mpira, anayambana chiyani? Uyu atate ake ali kuti? Akabwera kunyumba ankatulutsa kabuku m'thumba, n'kulemba ndi kapensulo kotsala pang'ono kutha. Tsiku lina ndikusesa m'gowelo ndinakapeza pansi pa mphasa. Munali mayina a osewera athu onse, lililonse patsamba lake, ndi mawu a Chipwitikizi amene sindinathe kuwerenga. Dzina la amalume linalimo. La aphunzitsi linali ndi mizere iwiri pansi pake.

Ana a lero sangamve chimene kabuku kotero kankatanthauza. Zinali zaka za chipani chimodzi. Pamsika sunkalowa wopanda khadi, ndipo mawu olankhulidwa pamowa ankafika ku boma mwini wake asanafike kunyumba. Chaka cha m'mbuyo mwake atelala a pamsika wathu anadandaula za mtengo wa thonje pamaso pa anthu osaposa asanu. Patapita masiku atatu inabwera galimoto n'kuwatenga, ndipo makina awo osokera anakhala pakhonde mpaka dzimbiri. Aliyense ankadziwa kuti pali amene ananyamula mawuwo, koma sankadziwika. Mwana wa atelalawo ndiye ankatchinga kumanzere mu timu yathu, pambali pa Nambala Faifi.

Anthu ndikawafotokozera nkhaniyi amati ndinali mwana, sindinkadziwa. Amanama pondikomera mtima. Ndinkadziwa. Umboni wake ndi wakuti sindinauze amayi, chifukwa akanandikhoma pakamwa nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinadikira madzulo, nthawi imene pamjigo pamadzaza, ndinaika ndowa yanga pamzere, n'kunena ndi mawu a mwana wosadziwa kanthu kuti mlendo wathu ndi wophunzira kwambiri, amalemba mayina a anthu m'kabuku, ngakhale la mwana wa atelala lilimo. Mayi amene ankapopa anasiya mkono wa mjigo uli m'mwamba. Palibe anandifunsa funso. Mmodzimmodzi anasenza ndowa zawo, zina zosadzaza.

Ine ndinkayembekezera kuti mawa lake amuna abwera kudzamupanikiza, amalume n'kumuthamangitsa. Apa ndi pamene ndinali mwana zedi. Kazitape sankafunsidwa ngati ndi kazitape. Ankalemekezedwa. Mawa lake pakhomo pathu panafika nsomba za mphende zonona kwambiri, mphatso ya mlendo. Amuna ankabwera kudzamulonjera atavula zipewa, khadi ya chipani ikusuzumira m'thumba la malaya. Amalume, amene ankatukwana chilichonse kuyambira udzudzu mpaka msewu, anayamba kuyamikira chitukuko mokweza akangolowa pabwalo pathu. Anyamata a timu anasiya kumutchula Faifi, n'kuyamba kumuti bwana. Akafika pansi pa mlambe nkhani zinkatha, aliyense n'kukumbuka kuti ali ndi mbuzi zoti akatsekere.

Amayi anadziwa kuti ndine. Sanandimenye. Anangondiyang'ana tikupeta mapira, nati, "Pakamwa pako padzakuwotcha." Koma iwonso anayamba kuphika mwachangu ndi kulankhula monong'ona, ndipo chithunzi cha bambo anachichotsa pakhoma, sindikudziwa chifukwa chake.

Mkuluyo anaona. Tsiku lina ndikumupatsa madzi osamba m'manja anandifunsa, "Mwananga, pamudzi pano pagwa maliro amene sanandiuze?" Ndinati ayi. Anagwedeza mutu, nadya pang'ono, nathokoza monga mwa masiku onse. Musandifunse chimene ndinamva mumtima, chifukwa ndinamva chisoni ndi chimwemwe nthawi imodzi, ndipo chimwemwe chinali chachikulu.

Amalume anali pamoto. Kumusunga mkuluyo kunali kusunga njoka m'nyumba ya mlongo wawo. Kumukana popanda chifukwa kunali kunyoza amene anamutuma, ngati analidi wotumidwa. Ndipo panalinso funso limene aphunzitsi ankabwereza: bwanji timu yolemera inatipatsa munthu wodziwa mpira chonchi? Poyamba tinkamukayikira kuti watha ntchito. Tsopano tinkamukayikira chifukwa sanathe ntchito. Ndinamva aphunzitsi akuuza amalume kuseri kwa nkhokwe kuti, "Inu musamukane. Musiyeni mpira umukane."

Tsiku la masewero otsiriza kunatentha moti dothi linkawotcha kumapazi. Anthu anadzaza bwalo mpaka ana kukwera mumlambe. A ku esiteti anabwera pa lole, ndipo achimwene anatsika atavala jezi yobiriwira ndi nsapato za mpira, zoyamba m'moyo wawo. Masaya anali atatuluka. Ndinakuwa dzina lawo mpaka mawu kusasa, osaganiza kuti ndikuchemerera adani.

Mpira utangoyamba, wa pakati wawo anakweza mutu kuti aponyere achimwene. Nambala Faifi anakuwa, "Bulukani!" Iye anatuluka. Awiri ena anatuluka mokayikira, ngati anthu opita kudambwe losadziwika. Mwana wa atelala sanasunthe. Anaima pamalo pake manja ali m'chiuno, akuyang'ana mkuluyo m'maso. Chifukwa cha iye panalibe ofusayidi, ndipo achimwene anadutsa pampata umene unatsala. Mkuluyo anatembenuka kuti awathamangitse, koma bondo linakana. Chigoli.

Zinachitikanso kachiwiri, chimodzimodzi. Goloboyi wathu, amene kale ankalankhula masewero onse, anali duu. Palibe ankauza mkuluyo kuti kumbuyo kwake kuli munthu. Akapempha mpira ankamupatsa mwaulemu, mochedwa. Anthu oonera nawonso anali chete mwachilendo, chifukwa palibe ankafuna kumveka akumunyoza kapena akumutama. Ndinkangomva mpira kugunda ndi mawu amodzi aja, akubwerezedwa ndi mmero wouma.

Kachitatu mkuluyo sanakuwe. Anaona kuti ali yekha, ndiye anathamanga. Sindinaonepo munthu wamkulu akuthamanga chotero. Mphira wa pabondo unamasuka n'kumakokeka m'fumbi kumbuyo kwake, iye osaima, mpaka anaupondera yekha n'kugwa chafufumimba. Achimwene anachinya, koma sanakondwerere. Anabwerera n'kudzamudzutsa, kum'sansa fumbi kumsana. Mwa anyamata khumi a timu yathu panalibe amene anasendera pafupi. Tinagonja ndi zigoli zinayi kwa duu.

Mpira utatha amalume anapita kwa akuluakulu a ku esiteti, chipewa chili m'manja. Anati tonse taona tokha, mkuluyu watopa, tikuthokoza kwambiri koma mutibwezere mwana wathu. A ku esitetiwo anachonderera kuti mkuluyo amutenga, koma mnyamatayo atsale nawo ndithu. Amalume anakana katatu. Mwina akanavomera chaka china chilichonse, koma tsiku limenelo ankakhulupirira kuti anthu amene anatitumizira makutu sayenera kusungirako mwana wathu. Pangano linali pangano, ndipo mawu a malume pa mwana wa mlongo wake sankatsutsidwa. Achimwene anakhala pamuzu wa mlambe, namasula nsapato zija pang'onopang'ono, navula jezi, napereka zonse. Anabwerera kunyumba osavala malaya.

Nambala Faifi anachoka m'mawa mwake. Anapinda mphasa, natsanzika amayi, nandisiyira ine kapensulo kake. Kabuku anapita nako. Sanakwere basi ya kumtunda yopita ku esiteti. Analowera kumunsi, njira ya ku Marka, kumalire a Mozambiki, akukoka mwendo. Tinamva pambuyo pake kuti ku esiteti anali atamuchotsa kale ntchito, ndiye kwathu kunali komaliza kumene akanakhala. Ena anati kulowera kumalire kukusonyeza kuti analidi ndi zake. Patapita miyezi iwiri aphunzitsi anasamutsidwa mwadzidzidzi kupita kutali, ndipo anthu anakumbuka mizere iwiri ija, imene ndinali nditaiululanso ndine pamjigo paja. Koma aphunzitsi ankasamutsidwa chaka chilichonse.

Lero mwana wanga wamwamuna amaphunzitsa mpira pasukulu, ndipo ali ndi kabuku. Amalembamo yemwe ali wamanzere, yemwe amapsa mtima msanga, yemwe kwawo kuli mavuto. Tsiku loyamba kukaona ndinakhala pansi. Komabe mukandigwiritsa Baibulo kuti ndilumbire kuti mkulu uja sanali kazitape, sindingalumbire. Zaka zimenezo zinatilowa m'magazi, ndipo kukayikira sikutuluka ndi thukuta. Chimene ndingalumbire n'chakuti timu yathu inabwerera ku matenda ake akale, ndipo achimwene sanaseweremonso. Anakalamba akupalasa bwato m'dambo, msana utapindika, mpaka tinawaika zaka zingapo zapitazo.

Koma sabata imene mkulu uja anachoka ine ndinkayenda ngati mfumukazi. Ndinali nditagonjetsa amalume, esiteti yonse ndi lole yawo. Chinkandiwawa n'chakuti achimwene eni ake sankadziwa wowapulumutsa. Ndiye tsiku lina masana ndinawatsatira kudooko. Ndinawapeza akukapa madzi m'bwato ndi chikho. Ndinaima pambali n'kuwauza zonse, za kabuku, za pamjigo, za mkono wa mjigo uli m'mwamba. Ndinamaliza ndi mawu amene ndinali nditawakonza njira yonse: "Achimwene, ndine ndakubwezani kunyumba."

Anasiya kukapa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuona mwana wa eni. Kenako anati, "Mwezi wamawa ndikanayamba kuphunzira kuyendetsa thirakitala." Sanakweze mawu. Anapukuta nkhope ndi mkono, nati, "Kankha bwato."

Ndinakankha. Bwato linalowa m'mabango, iwo akupalasa mwamphamvu ngati pali chowathamangitsa. Ndinaona misozi yawo, koma sindinamvetse chimene munthu wobwerera kwa amayi ake angalirire, ndiye ndinati ndi thukuta. Ndinatsala ndili m'matope mpaka m'mawondo, ndikudikira kuti akabwerako madzulo andithokoza.